Za Wapampando Wosaitana Msonkhano

Palibe mudzi kuno ku Neno umene sudziwa dzina lakuti komiti. Iripo ya mjigo, iripo ya maliro, ya nkhalango, ya cipatala, ndi ya sukulu. Ndipo munthu wamkuru amene sanasankhidwe konse mu imodzi ya izi ayenera kuti ndi mlendo wofika dzulo. Ine ndifuna kulemba za komiti ya sukulu yokha, pakuti ndiyo imene ndakhalamo zaka zambiri, ndipo ndifuna kuyankha funso limene abale andifunsa kawiri kawiri tikakomana pa misonkhano ya aphunzitsi kapena pa bwalo la chalichi, lakuti: Tidzacita ciani ngati munthu amene tinamuika pa mpando ndi manja athu ndiye amene aimitsa nchito? Munthuyo sanabe kanthu, sanatukwane munthu, saledzera. Angoleka kuitana msonkhano, nakana kulemba dzina lace pa kalata ya ndalama, ndipo mukamfunsa ayankha mokoma, “Tionana.”

Poyamba tikumbukire kuti sukulu za m'dziko lino zamangidwa ndi makolo kuyambira kale lomwe. Pamene ansembe a Montfort anakhazika misyoni yao ku Neno m'caka ca 1906, ndi a Adventist ku Matandani m'caka ca 1908, Boma linalibe ndi ofesi yomwe ya maphunziro; linaiyamba m'caka ca 1926. Sukulu za m'midzi za masiku amenewo zinaima cifukwa mfumu inapereka malo, amuna nadula mitengo ndi kusenda luzi, akazi namweta udzu ndi kuzira pansi. Komiti yolembedwa m'buku panalibe. Mau a mfumu ndi a mphunzitsi anakwanira. Zinthu zinasintha kwakukuru m'caka ca 1994, pamene Boma linacotsa fizi ku sukulu za pulaimale, ndipo ana oposa miliyoni imodzi anaonjezeka m'sukulu pa caka cimodzi. Ife amene tinali anyamata nthawi imeneyo tikumbukira makalasi a pansi pa mitengo, ndi makolo ena amene anati, “Sukulu ndi ya Boma tsopano, limange lokha.” Koma Boma silinathe lokha, ndipo gawo la makolo linabwerera kwa iwo mwa njira ya makomiti.

Tsono lero pa sukulu pali magulu atatu a makolo: komiti yoyendetsa sukulu, imene isunga katundu ndi ndalama, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndilo msonkhano wa makolo onse, ndi gulu la amai, amene ayang'anira atsikana kuti asaleke sukulu. Onsewa agwira nchito yosalipidwa. Koma ciripo cinthu cimodzi cimene agogo athu sanacidziwa. Boma litumiza ndalama pang'ono ku banki m'dzina la sukulu, zokonzera sukuluyo, ndipo ndalamazo sizituruka popanda maina a anthu a komiti. Kale mkuru waulesi anthu anatha kumlambalala, namanga sukulu iye ali mtulo. Lero dzanja limodzi likakana kulemba, simenti sibwera.

Izi ndinaziona ndi maso pa sukulu ya kumapiri kumene ndiphunzitsa, kumenenso ndapatsidwa nchito ya kulemba mau a misonkhano ya komiti m'buku. M'mwezi wa March 1 caka ca 2023 sitinadziwe cimene cirinkudza. Pakati pa mwezi womwewo namondwe uja wochedwa Freddy anagwa pa cigawo ca kum'mwera, ndipo Neno anali limodzi la maboma amene anachulidwa kuti mwagwa tsoka. Ife sitinaone zoopsa monga anaziona abale a ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, kumene mapiri anagumukira nyumba ndi anthu omwe. Cimene cinatigwera ife cinali cacing'ono pa maso a dziko: zimbudzi za atsikana zinatitimira, pakuti maenje ace anali osamangira, ndipo nthaka inakhuta madzi. Koma kumbukirani kuti zinacitika m'nyengo ya kolera, amene kuyambira 2022 kufikira 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ndiponso mphunzitsi ali yense adziwa kuti mnyamata athawira kuchire nabweranso m'kalasi, koma mtsikana wamkuru wa Sitandade 7 kapena 8 akasowa pobisala angokhala kwao. Ayamba ndi kujomba masiku atatu pa mwezi, kenaka sabata, kenaka mumva kuti ali pa banja.

Nchito yace inali yodziwika. Kuyambira caka ca 2018 malamulo aletsa njerwa zoocha pa nyumba za Boma ndi za mabungwe, cifukwa ca kutha kwa mitengo. Cotero gawo la makolo linali kukumba maenje, kututa mcenga ku mtsinje, kuswa miyala ndi kutunga madzi, ndipo ndalama za ku banki zinali zogulira simenti ndi malata ndi kulipira mmisiri woumba njerwa za simenti. Nthawi yacenso inali yodziwika, pakuti ali yense woyenda njira za kumtunda kwa Neno adziwa kuti mvula ikayamba galimoto yolemera sikwera. Tinali ndi miyezi ya cirimwe yokha.

Mwezi wa May wapampando wathu anati anthu ali kukolola, ndipo zinali zoona. June anati kuli maliro, ndipo zinalinso zoona. July anati, “Tionana.” Cidindo ca komiti cinali m'nyumba mwace, ndi kalata ya ku banki inakhala pa gome la mphunzitsi wamkuru kufikira inayamba kufiira. Amai a gulu lija atatopa anayamba okha kututa mcenga m'mabeseni. Tsiku laciwiri iye anafika pa mulu wa mcengawo, nati, “Anakutumani ndani?” Mai wina anayankha, “Bambo, ana athu ndiwo atituma.” Iye anati nchito yosadzera ku komiti siiwerengedwa, ndipo amai ena, poopa mlandu, anatula mabeseni napita.

Pamenepo uphungu unacuruka. Aphunzitsi anyamata anati tilembe kalata kwa mlangizi wa sukulu za cigawo cathu, amene timucha PEA, kuti adzamdzudzule. Ine sindinabvomere; osati cifukwa mlangiziyo alibe mphamvu, koma cifukwa ali ndi sukulu zambiri, adzafika tsiku limodzi pa njinga yace yamoto, nadzanena mau olimba, nadzapita, ndipo ife tidzatsala ndi munthu wocititsidwa manyazi amene tidzakomana naye pa maliro onse a caka cimeneco. Amai ena anafuna kuitana makolo onse ndi kumcotsa pa mpando ndi mapokoso, ndipo ndinamva kuti nyimbo ya pa mtondo inali itapekedwa kale. Koma sukulu yathu itumikira midzi inai, ndipo munthu wocotsedwa mwa cipongwe sacoka yekha. Mudzi wace ucoka naye, ndi makasu ace ndi mabeseni ace. Uphungu wacitatu ndiwo unandiopsa koposa, pakuti unaoneka wanzeru: wakuti tipeze njira yoti maina a ena akwanire ku banki, wapampando osadziwa. Abale, khomo limene mutsegula lero kuti mupitirire munthu wouma mutu, mawa adzalowerapo wakuba, ndipo adzati, “Ndinaona inu.”

Ndinafuna kudziwa coyamba cimene munthuyo anali kuchinjiriza, pakuti wokana popanda phindu looneka ali ndi kanthu kamene akabisa kumbuyo. Amene anandiululira ndi gogo wina wa m'gulu la amai, wosadziwa kulemba ngakhale dzina lace, koma wodziwa mbiri ya nyumba zonse. Anati, “Aphunzitsi, inu mwaiwala kodi kuti bamboyo ndi mkamwini?”

Owerenga a kuno adziwa kulemera kwa mau amenewo. Munthuyo anacokera tsidya lina la mtsinje, nakwatira m'mudzi uno zaka zoposa makumi awiri zapitazo. Munda umene alima ndi wa kwa mkazi wace. Ana ace, pa nkhani zazikuru, ayang'ana kwa malume ao. Pa mlandu wa mbumba akhala kumbuyo, ndipo akalankhula kwambiri alipo wina womkumbutsa kumene anacokera. Pa moyo wace wonse m'mudzi muno mpando wa komiti ya sukulu ndiwo malo okha pamene dzina lace linachulidwa poyamba. Tsono namondwe atapita kunafika alendo a bungwe lina kudzaona zoonongeka. Anawatengera kwa amai, naona maenje, nalemba maina, najambula zithunzi, nabwerera. Ndipo wapampando anazimva madzulo kwa mwana wace wa Sitandade 3. Kwa ife cinali cinthu cacing'ono ca tsiku lotanganidwa. Kwa iye kunali kuuzidwa kuti ngakhale pa sukulu ali mkamwini.

Cinalipo cina, cimene gogoyo anacinena monong'ona. Makalata a ku banki ndi a Boma alembedwa m'Cingerezi. Bamboyo analekeza sukulu ali wamng'ono. Buku la nyimbo awerenga bwino, ndipo pa chalichi atsogolera pemphero koposa ena a ife. Koma makalata amenewo sawamva. Anali atamva za wapampando wa sukulu ina amene anafunsidwa mlandu wa ndalama zimene sanazione, cifukwa dzina lace linali pansi pa kalata. Kufunsa kuti amwerengere kunali kudziulula pamaso pa aphunzitsi a msinkhu wa ana ace. Kulemba osamva kunali kuika khosi pa msampha. Anasankha njira yacitatu, ndiyo “Tionana.” Ndifunsa inu amene muwerenga: mukadalemba kodi dzina lanu pansi pa mau amene simuwamva?

Sindinena izi kuti ndimkometsere. Manyazi a munthu mmodzi wamkuru sayenera kulipidwa ndi maphunziro a ana a eni, ndipo miyezi itatu imene iye anaitaya sinabwerenso. Ndinena cifukwa sing'anga amene sanafunse pamene papweteka angotema mphini pa thupi lonse.

Ndinapita kwace m'mamawa, monga apita anthu a nkhani yeniyeni, ndipo sindinapite ndekha, pakuti ndiri wamng'ono kwa iye, ndipo mphunzitsi pa mudzi ali mlendo wa malipiro. Ndinatenga mkuru wina wa mpingo, mnzace wa msinkhu umodzi. Kalata ya ku banki tinaisiya ku sukulu dala. Tinakhala pa khonde, tinafunsana za m'nyumba, za mtengo wa manachesi ndi wa mbatata, kufikira dzuwa linakwera. Pomwepo mkuruyo anati, “Acimwene, alendo aja anakudutsani pa khomo. Ife tinaona, ndipo sikunali bwino.” Bamboyo sanayankhe, koma anaika cipewa cace pansi. Ndipo mkuruyo anapitirira, nati, “Tsono tabwera ndi funso limene aphunzitsiwa sangaliyankhe ndi mabuku ao. Maenje atsopano tikumbe pati?”

Apa munthu uja anamasuka pakamwa, nalankhula nthawi yaitali. Pa unyamata wace anali wokumba zitsime, ndipo adziwa nthaka monga ine ndidziwa kaundula wa kalasi langa. Anati pamene zimbudzi zakale zinamangidwa iye ananena kuti malowo ali pa njira ya madzi ocokera ku phiri, koma palibe anamvera, pakuti anali asanakhale pa mpando. Ndinakafunsa kwa ena pambuyo pace, ndipo anabvomera kuti ananenadi. Potsiriza sitinati, “Itanani msonkhano.” Tinati, “A Cheyamani, tichulireni tsiku.” Anachula Lacitatu la sabata yotsatira.

Pa msonkhano umenewo, mafumu a midzi inai alipo, ndinapempha cinthu cimodzi ngati ca ine mwini, osachula munthu. Ndinati buku langa la misonkhano silikwanira ngati mau a makalata sanalowemo, ndipo ndinapempha kuti kuyambira tsiku lomwelo kalata iri yonse iwerengedwe mokweza m'Cicewa pamaso pa komiti yonse, mzere ndi mzere, munthu asanalembepo dzina, ngakhale onse atati aimva. Anabvomera, ndipo ndinawerenga. Cimene cinacitika cinandiphunzitsa za makomiti koposa zonse ndinazimva ku sukulu ya aphunzitsi. Woyamba kufunsa funso sanali wapampando. Anali msungi wa ndalama, amene kwa zaka ziwiri analemba dzina lace pa makalata osadziwa kuti ndalama za Boma ziri ndi magawo ace, ndi kuti risiti liri lonse lifunidwa. Wina anafunsa, winanso nafunsa. Wapampando anayang'ana uku ndi uku, naona kuti mdima umene anaubisa yekha unali wa nyumba yonse. Ndipo anafunsa mafunso ace, ndipo anali akuthwa koposa a onse.

Cinthu caciwiri cinabvuta. Tinapempha kuti komiti ikhale ndi tsiku lace losasuntha, Lacitatu loyamba la mwezi uli wonse. Citsulo ca sukulu cidzalira, osayembekeza kuitana kwa munthu. Ndipo wapampando akacedwa kapena akadwala, waciwiri wace adzakhala pa mpando. Iye anaona bwino lomwe cimene tinali kumlanda, nakana kufikira dzuwa linapendeka. Anagonja pamene mfumu ina yokalamba inati, “Ngakhale bwalo langa liri ndi tsiku lace. Ndikapita ku Boma, nduna ziweruza. Kodi ufumu wanga watha?” Tinapanganansoo kuti ndalama zolowa ndi zoturuka zilembedwe pa pepala lomata pa khoma la ofesi, kunja, ndi kuti mcenga ndi miyala zigawidwe mwa midzi, mudzi uli wonse ndi mulu wace pansi pa mfumu yace. Midzi ikayamba kupikisana milu, mphunzitsi angokhala cete.

Ndiyenera kunena pano kuti zonsezi ndi za munthu wouma mutu, si za wakuba ai. Ngati malata asowa, ngati risiti linena matumba khumi ndipo pa sukulu afika asanu ndi awiri, musapite pa khonde lace kukafunsa za mtengo wa manachesi. Itanani makolo onse, uzani mfumu, lemberani mlangizi, ndipo musaope kuti ndi mkuru wa mpingo kapena mbale wa mfumu. Ndaona midzi imene inacitira wakuba ulemu woyenera wouma mutu, nicitira wouma mutu nkhanza yoyenera wakuba. Pepala la pa khoma lija ndilo lithandiza kuwalekanitsa, pakuti wouma mutu alida sabata imodzi nalizolowera, koma wakuba apeza cifukwa catsopano mwezi ndi mwezi cakuti lisamatidwe.

Musaganize kuti bamboyo anasanduka munthu wina. Analemba dzina lace m'mwezi wa September. Anasankha malo a maenje kumtunda kwa bwalo, naimirira pamenepo kuyambira mbanda kuca, ndi cingwe ndi mwala womangirira kunsonga, nabweza anyamata kawiri kuti aongole khoma la dzenje. Ndipo maenje amenewo ndikhulupira adzaposa moyo wanga. Koma pofika pa kuturutsa ndalama zotsala anakananso, nati mtengo wa malata umene mmisiri anachula ngwokwera, afuna amve mitengo ya masitolo atatu. Pa mau ace panalibe colakwa. Koma anazengereza milungu iwiri osatuma munthu, ndipo m'milungu imeneyo, m'mwezi wa November 2023, ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 ali onse, ndipo mitengo ya simenti ndi malata inalumpha. Mvula inayambanso. Galimoto inatula simenti pansi pa citunda, ndipo makolo ndi anyamata a Sitandade 8 anaisenza pa mitu, atafunda matumba ndi mapepala a pulasitiki. Tinafuna zipinda zisanu ndi cimodzi. Ndalama zinakwanira zinai.

Atsikana anabwerera, koma osati onse. Awiri amene ndinawaphunzitsa kuyambira ali ang'ono sanaonekenso: wina anakwatiwa, wina anapita ku Blantyre kukagwira nchito ya m'nyumba. Amai a gulu lija anayenda kawiri kwa makolo a woyambayo, nabwera opanda kanthu. Ndikatsegula kaundula wa caka cimeneco ndipeza mizere iwiri yofiira pa maina ao, ndipo pamenepo mtima wanga suli wofatsa kwa wapampando uja monga mau a m'nkhani yino.

Nyengo ya komiti itatha makolo anasankha wina, ndiye mai yemwe uja anati, “Ana athu ndiwo atituma.” Panalibe pokoso. Mfumu inaimirira, niyamika wapampando wakale pamaso pa onse cifukwa ca maenje, ndipo anthu anaomba m'manja, a mudzi wace namwetulira. Iye anapereka cidindo ndi manja awiri. Kwa miyezi ingapo anandipatsa moni wa patali. Nyimbo ya pa mtondo ija sindinaimve konse. Mai wapampando watsopano aliza yekha citsulo Lacitatu loyamba, ndipo ali ndi kuuma kwace kwa mtundu wina, kumene aphunzitsi anyamata ayamba kale kudandaula nako. Koma makalata awerengedwa mokweza monga kale, ndipo pepala liri pa khoma.

Zipinda ziwiri zija sizinamangidwebe. Mcenga wace uli pa mulu kumbuyo kwa ofesi, ndipo ana a Sitandade 1 aufalitsa tsiku ndi tsiku posewera. Komiti inatuma anthu awiri kwa wokumba zitsime uja kukafunsa za dzenje lotsala. Anati tisakumbe pafupi ndi mtengo wa mbawa, pakuti mizu idzang'amba khoma, ndipo tiyembekeze August, nthaka itauma; cingwe ndi mwala adzabwera nazo yekha.